Nkhumba Zisanu Zimene Sizinalire

Olemekezeka a khansala a dera lathu lino la Lilayi, amene mwasiya misonkhano ya anthu kuti mudzakhale pafupi ndi nkhumba. Olemekezeka oimira ofesi yoona za ziweto, amene mwanyamuka m'mamawa kuchokera ku Longacres. Olemekezeka abusa, amene mwatitsegulira mwambo uno ndi pemphero lalifupi, poona kuti mphepo ikuchokera kumakola. Olemekezeka Dokotala Chibesa Mwaba a ku yunivesite, amene mwayenda nafe zaka zitatu mpaka fungo lathu linamanga nyumba m'motoka mwanu. Olemekezeka ba Killian Mulubwa, tcheyamani wa bungwe lathu la oweta nkhumba la Tiwete Pamodzi, ndi komiti yanu yonse. Olemekezeka mamembala amene mumaweta nkhumba pafoni muli ku Kabulonga, ku Woodlands ndi ku Chelstone, amene ena mwa inu lero mwaziona koyamba, ndipo ndikukhulupirira kuti mwazizindikira, ndi zija za miyendo inayi. Anzanga onyamula fosholo ndi tsache, amene mwaimirira kumbuyoko chifukwa mipando yatha. Amayi ndi abambo nonse, ndikupatsani moni.

Dzina langa ndi Febby Miti. Ndimasesa m'makola muno, ndipo chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi. Sukulu ndinalekera giredi seveni ku Kabwata, ndipo kuyankhula pagulu ndinalekera komweko, tsiku limene aphunzitsi anandiimika kutsogolo kuti ndiwerenge, mawu n'kukana kutuluka. Chifukwa chake zonse zimene ndinene lero ndazilemba, ndazikopera katatu, ndipo mukaona pepala likunjenjemera musadandaule, zilembo sizigwa.

Ambiri mukudabwa kuti wosesa wakhala bwanji pampando wa nsalu yoyera. Inenso ndinadabwa. Kalata yoitana mlendo wolemekezeka inalembedwa kwa adokotala. Iwo anayankha kuti kubwera abwera, koma akhala pabenchi, ndipo mpando wakutsogolo upatsidwe kwa munthu amene anagwira ana a nkhumba mazana awiri ndi manja ake. Komiti inakumana kawiri kufunafuna munthu ameneyo pakati pa mamembala ake. Sanapezeke. Pamenepo ba tcheyamani anandipeza ndikutsuka momwera madzi, anaima patali pang'ono chifukwa cha nsapato, nati: "Febby, iwe ukambe chabe zikomo, udule liboni, unkhale pansi. Wamvela?" Ndinayankha kuti ndamva. Ba tcheyamani, zikomo wanu alipo, ndamusunga bwino, koma ali kutsamba lomaliza.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa zoyenera kuthokoza zilipo. Ndithokoze abwenzi amene anapereka malata, zitsulo ndi simenti. Ndithokoze amisiri amene anamanga khola lodikirira limene tabwera kudzatsegulali, momwe nkhumba zizikhala pamthunzi zisanakwere kanta, lole yathu yopita nazo kophera, muli mipope yowaza madzi kuchokera kudenga, muli thanki yake yosadalira malaiti, ndiye kuti magetsi, muli pokwerera posatsetsereka. Ndithokoze a khansala chifukwa cha msewu umene anaugumulako mabampu sabata yatha. Ndithokozenso komiti, imene inasankha mtundu wa penti.

Koma khola ili silinagwe kumwamba. Lili ndi chimene linachokera, ndipo papepala la pulogalamu sichinalembedwe. Ndiloleni ndichinene, ndiyambire pa zimene adokotala anabwera kudzafufuza.

Tsiku loyamba adokotala anafunsa funso limodzi: ndani pano amene amazidziwa nkhumba izi imodziimodzi? Komiti inaloza ba tcheyamani. Ba tcheyamani analoza fayilo. Amene anayankha anali ba Abson Daka, kapitawo wa makola panthawiyo, munthu wamkulu amene anandilandira pantchito ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, nandiphunzitsa kulowa m'khola la nkhumba yoyamwitsa osalumidwa. Iwo anati: "Funsani kamtsikana ako. Kamakamba na nkhumba kupambana na bantu." Anthu anaseka, ine ndinabisala kuseri kwa thumba la gaga, koma adokotala ananditsata komweko.

Ntchito imene anandipatsa inali iyi. Mwana wa nkhumba akakwana masiku ochepa, ndimamugoneka chagada, dzanja limodzi pachifuwa, kwa mphindi imodzi, n'kumawerenga kuti ayesa kangati kudzipulumutsa. Wina amalira ngati mwamubaya kale, amapalasa miyendo, amakutukwanani ndi makolo anu omwe. Wina amangogona duu, maso ali psuu, osagwedeza ngakhale mchira. Ena ali pakatikati. Nambala ya pakhutu ya aliyense ndinkailemba m'kope langa, pamodzi ndi kuchuluka kwa kupalasa kwake. Mayi mmodzi, bere limodzi, gaga mmodzi, koma ana osiyana mitima ngati si apachibale.

Nkhumbazo zitakula, tinkamangirira chingwe cha thonje m'khola kuti zitafune, adokotala n'kufinya malovu ake m'kabotolo. Tsiku lopha ankafika kophera ndi bokosi la ayezi, n'kutenga ubongo usanazizire. Pamenepo mphekesera inayamba. Amayi Judith Kangwa, wachiwiri kwa tcheyamani, anaimba foni kuchokera ku Kabulonga kufunsa kuti mzimayi wophunzira akufunanji ndi malovu ndi ubongo wa nkhumba, ndiponso ngati za nkhumba zawo zingayambe zapemphereredwa. Abusa mukukumbukira, munapemphedwa kuti mudzaike manja pabokosi la ayezi. Tikuthokoza kuti munakana mwaulemu.

Zimene zinapezeka ndizinena monga anandiphunzitsira, ndipo ndikalakwitsa adokotala akweze dzanja. Mu ubongo wa nkhumba, monganso mwa munthu, muli timadzi tina tochepa kwambiri timene timanyamula uthenga. Tina amatitcha serotonini, tina dopamini. Mayina awiriwa ndawayeserera sabata yathunthu pamaso pa nkhumba, ndipo sizinandiseke. Timadzi timeneti sitigwira ntchito mofanana mu nkhumba zonse, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ina ikaopa imamenya nkhondo, ina ikaopa imauma ngati chitsa. Ubongo ukamva zoopsa umatumanso uthenga m'thupi kuti mutuluke china chotchedwa kotizo, ndipo chimenecho chimaoneka m'malovu. Mu nkhumba zathu zimene tinaziyeza, tikaziopseza pozisamutsa khola kapena kuzisakaniza ndi zachilendo, kotizo ankakwera kwambiri mwa zachete zija, zimene tonse tinkati n'zofatsa. Adokotala amandichenjeza kawirikawiri kuti ndisanene zopitirira zimene tinayeza, chifukwa zambiri za ubongo sizinadziwike, ndipo iwo akufufuzabe. Choncho ndinena zokhazo zimene ndingaziimire: nkhumba zonse zimaopa, koma ina mantha ake amatulukira kukamwa, ina amatsalira m'kati. Kukhala chete si kukhala bwino.

Tinaonanso china. Mukazizoloweza kuti chakudya chili kudzanja lamanja, tsiku lina n'kuchisunthira kumanzere, yachete imaima, imanunkhiza, imachedwa, koma imachipeza. Yaphokoso imathamanga liwiro lonse kupita pamalo akale, n'kuyamba kukalipira simenti yopanda kanthu, lero, mawa ndi mkuja. Sindikufanizira munthu aliyense. Ndangoona kuti geti lolowera tinalisamutsa mwezi wa Juni, koma m'mawa uno motoka zinayi za akomiti zinali kuliza mahutala pakhoma pamene panali geti lakale.

Musaseke kwambiri, olemekezeka, chifukwa kumene ndikupita kulibe zoseketsa.

Pano tinali ndi kachitidwe kathu kokwezera nkhumba m'kanta, ndipo tinkanyadira nako. Zachete zinkakwera poyamba, chifukwa sizivuta pathabwa, umangozikankha pang'ono n'kulowa. Zikalowa zinkapita kutsogolo, kukhoma lachitsulo la kuseri kwa dalaivala, kumene mphepo sifika. Zaphokoso zinkakwera pomaliza, mozikoka makutu ndi michira, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Madzi othira pathupi ankapita kwa zimene zikulira. Palibe amene analemba lamulo limeneli, koma aliyense ankalidziwa: yolira ndiyo ikuvutika, yachete ili bwino.

Zaka ziwiri zapitazo, mwezi ngati uno wa Okutobala, Lachisanu, tinakweza nkhumba makumi awiri zoti zikaphedwe, nyama yake ikagulitsidwe ku City Market. Zinachokera m'makola osiyanasiyana, zosadziwana. Zachete zisanu ndi zinayi ndinazisankha ndine, ndipo ndinazikweza ndi manja angawa. Pofika naini koloko zonse zinali m'kanta, dalaivala atakhala kale pampando. Malaiti anali atapita kuyambira m'bandakucha, pampu sinali kukoka, ndipo madzi amene tinali nawo anali a m'diramu limodzi.

Kanta sinanyamuke. Amayi Kangwa anaimba foni kuti zina mwa nkhumbazo n'zawo, ndipo akufuna kuzijambula zikunyamuka kuti atumizire mwana wawo wa kunja aone kumene ndalama zake zimapita. Anati: "Nili pafupi, nili pa laundabauti." Teni koloko anali pa laundabauti. Leveni koloko anali pa laundabauti. Mzinda wa Lusaka uli ndi malaundabauti ambiri, ndipo tsiku limenelo anawayendera onse, kuti pasakhale yodandaula.

Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Nkhumba situluka thukuta monga ife, ikatenthedwa imafuna madzi kapena matope. Zakumbuyo zinayamba kulumana ndi kukuwa mpaka agalu a kutsidya anayankha, ndipo pomenyanapo zinkakankhira zinzake kutsogolo, kuchitsulo chotentha chija. Ba Abson anapita kwa ba tcheyamani, chipewa chili m'manja, nati: "Ba tcheya, tiziseluse pansi, zinkhale mu mthunzi mpaka amai bafike." Ba tcheyamani anati: "Ukaziselusa uzazikweza na ndani futi? Tila manzi pali zamene zilila." Ba Abson anati: "Zamene zinipasa mantha ni izo zili zii kusogolo." Ba tcheyamani anasuzumira pamphako ya kanta, nati: "Mudala, siuona zagona? Izo ndiye zili na nzelu. Manzi ni yang'ono, osataya pali zamene sizinapemphe."

Ndinali pomwepo ndi chidebe m'manja. Ndinathira madzi kwa zimene zinapempha.

Amayi Kangwa anafika itadutsa thwelofu. Anajambula, anakweza dzanja kutsanzika, kanta inanyamuka n'kukalowa mumzere wa motoka wa mumsewu wa Kafue. Pofika kophera, atatsegula chitseko, zaphokoso zinatsika zikutukwana monga mwa nthawi zonse. Kutsogolo zinayi zinadzuka movutika. Zisanu sizinadzuke.

Lolemba lake komiti inaitanitsa msonkhano wa antchito tonse. Nkhumba zisanu sizifa popanda wozipha, inatero komiti, ndipo popeza dzuwa silingachotsedwe ntchito, laundabauti singaitanidwe kumlandu, panafunika munthu. Wina anakumbukira kuti sabata yam'mbuyo ba Abson anapempha kuti antchito tigulidwe majombo, nakanizidwa. Wina anakumbukira kuti anawaona atanyamula kapaketi ka mankhwala a makoswe, ngati kuti makoswe a m'nyumba yosungira gaga tinkawathamangitsa ndi nyimbo. Pasanathe ola limodzi nkhani inali itapsa: mudala wakwiya chifukwa cha majombo, wathira poizoni m'gaga. Palibe anafunsa kuti poizoni ameneyo anali wanzeru bwanji, wosankha nkhumba zakutsogolo zokha pamene zonse zinadya gaga mmodzi.

Ba Abson anaimirira nati: "Ine sininapaye nkhumba. Ninakamba kuti tiziseluse." Ba tcheyamani anati sakukumbukira. Kenaka anayang'ana ife antchito, nafunsa: "Alipo wina ali na mau?" Ba Abson anatembenuka, nayang'ana ine. Sanandiitane dzina, anangondiyang'ana. Ine ndinali nditamva mawu onse a pakanta paja. Koma ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga mpaka ba tcheyamani anauza alembi kuti: "Lembani kuti bonse bavomela."

Anandiwerenga monga anawerengera nkhumba zija. Ndinali chete, choncho ndinali bwino.

Olemekezeka, ba Abson anachotsedwa tsiku lomwelo, atagwira ntchito pano zaka khumi ndi zinayi. Mukapita ku City Market lero mukawapeza akukankha wilibala, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, akunyamulira katundu anthu a msinkhu wa ana awo. Koma wilibala si imene imawalemera. Dzina la wothira poizoni limayenda msanga kuposa minibasi. Kale pamaliro a m'komboni mwawo ndiwo ankayang'anira mphika wa nyama wa azibambo. Lero akayandikira kumoto, wina amawapatsa mpando mwaulemu kutali ndi miphika. Amayi akunyumba kwawo ankagulitsa vitumbuwa pageti la sukulu, makolo analetsa ana awo kugula, ndipo anasiya. Zaka ziwiri anthu awiriwa akhala akudya okha.

Tsono mverani bwino apa. Lachisanu lomwe lija nkhumba zinafa, adokotala anali kophera ndi bokosi lawo limene munkaliopa, ndipo anatenga ziwindi ndi zam'mimba za zisanu zija kukaziyeza. Anandipemphanso kope langa, nafananiza manambala a pakhutu. Mwezi wa Malichi wotsatira anapereka lipoti kwa komiti, masamba makumi awiri ndi limodzi. Ndi lachingerezi, ndipo ine ndinaliwerenga miyezi iwiri, liwu ndi liwu, ndikufunsa adokotala pamene ndakakamira. Tsamba la khumi ndi chinayi likunena kuti poizoni sanapezeke. Likunena kuti nkhumbazo zinafa ndi kutentha, kupanikizana, kudikira nthawi yaitali ndi mantha, zonse pamodzi. Likunenanso kuti zisanu zonsezo zinali m'gulu la zija zimene zinkagona duu m'manja mwanga zili zazing'ono, ndipo kuti malangizo a kapitawo oti zitsitsidwe anali olondola.

Komiti yathu si yaulesi, ndiiyamikire pamenepo. Lipoti italilandira inalithamangitsa kukajambulitsa, n'kulitumiza kwa abwenzi athu popempha khola la mthunzi ndi madzi. Masamba onse anajambulidwa bwino, oyera, owerengeka. Pa tsamba la khumi ndi chinayi pokha makina anatha inki. Pa la khumi ndi chisanu inki inabwerera yokha. Amisiri a makina ojambulira mudzatifotokozere tsiku lina, chifukwa matenda amenewa ngakhale adokotala alephera kuwayeza.

Choncho denga limene mwakhala mukuliyamikira m'mawa wonse, mipope imene a khansala aijambula, mthunzi umene amayi Kangwa aimikamo motoka yawo, zonsezi ndi mawu a ba Abson aja oti "tiziseluse, zinkhale mu mthunzi", atasandulika malata ndi simenti. Mawu munawatenga, mwini mawu munamutaya.

Pa pulogalamu, nambala naini, palembedwa kuti mlendo wolemekezeka akadula liboni apereke makiyi kwa kapitawo watsopano, ba Clive Mulubwa, mwana wa achimwene awo a ba tcheyamani. Ba Clive ndilibe nawo chifukwa. Ndi munthu waulemu, amandipatsa moni, ndipo pakompyuta palibe wowaposa. Lachitatu anabwera kudzaona malo awo antchito atavala nsapato zoyera, anandifunsa ngati nkhumba zimaluma, kenaka anandifunsa kuti Loweruka ndi Lamlungu zimakhala ndi ndani, popeza ofesi imatseka. Ba Clive, musaweramitse mutu, funso lanu linali labwino, ndipo ndi loyamba lokhudza nkhumba limene munthu wa dzina lanu wandifunsa m'zaka zisanu ndi chimodzi.

Ba Abson ali pano. Ali uko kumpanda, pafupi ndi thanki, avala jekete yabulauni. Ndinapita kwawo katatu kukawapempha kuti abwere. Kawiri anakana, anati: "Febby, siya. Mulungu aziba." Kachitatu amayi akunyumba ndiwo anayankha, anati: "Mulungu aziba, koma ba neba sibaziba. Muzayenda." Ndipo abwera.

Ndiyambe ndi mlandu wanga, ndisanafunse wa ena. Ba Abson, atate anga a pantchito, tsiku lija munandiyang'ana ndipo ine ndinayang'ana pansi. Ndinamva zonse, ndinadziwa zonse, ndinakusiyani nokha. Lipoti litabwera ndinakhalanso chete chaka ndi theka, ndikudziuza kuti akuluakulu akonza. Adokotala akhoza kunena kuti ubongo wanga unapangidwa motero, ndipo mwina ndi zoona, koma nkhumba ilibe pakamwa ponenera, ine ndinali napo. Ndinakulakwirani. Pamaso pa anthu onsewa ndikupempha kuti mundikhululukire. Ndipo alembi, amene muli ndi buku lomwe lija, lembani lero kuti si onse anavomera. Lembani kuti Febby Miti anamva ba Abson akupempha kuti nkhumba zitsitsidwe, anamva akukanizidwa, ndipo madzi anawathira ndi iyeyo. Ndikuona cholembera chaima. Dzina langa ndi la zilembo zochepa, lembani, ndidikira.

Zikomo alembi.

Tsopano ba tcheyamani. Makiyi ndi awa, ali m'dzanja langa, ndipo ine ndilibe mphamvu yolemba munthu ntchito, mphamvuyo ndi yanu ndi komiti yanu. Ndili ndi mafunso awiri okha, ndipo ndawafupikitsa kuti asakutopetseni. Loyamba: kodi ba Abson Daka anathira poizoni m'gaga? Lachiwiri: makiyi a khola limene linamangidwa pa mawu awo ndipereke kwa yani? Tsamba losowa lija adokotala ali nalo m'chikwama, ndipo a khansala ndaona atambasula kale dzanja kuti aliwerenge. Maikolofoni ndi iyi. Papepala langa pano ndalemba kuti ndiime, ndidikire, ndisathandize.

Pepani ba tcheyamani, anzanga akumbuyo akuti sanamve. Inu amene mawu anu amafika ku Chilanga mukamaitana wosesa, lero atsikira kuti? Yandikizani pakamwa.

Mwamva nonse. Akuti poizoni panalibe. Akuti kunali kusamvetsetsana. Akutinso komiti inali itaganiza kale zowabwezera ba Abson pantchito, imangodikira tsiku loyenera, ndipo dzina la ba Clive linalowa papulogalamu molakwika. Makina aja ayambanso. Tiyeni tiwaombere m'manja ba tcheyamani chifukwa cha ganizo lawo limene analiganiza kale. Alembi, zimenezonso lembani, ndi tsiku la lero, ndipo a khansala ndi abusa asaine m'munsi monga mboni, kuti inki ikadzathanso tidzakhale ndi kofunsa. Abusa, ndikupemphaninso kuti mawu amene anenedwa pano mukawanene Lamlungu, chifukwa bodza linafika kumiphika ya pamaliro ndi pageti la sukulu, ndipo choona chiyenera kukafika komweko.

Ndikuuzeni zoona, olemekezeka, ndinalemba mathero awiri, ena oti ndiwerenge mukavomera, ena oti ndiwerenge mukakana. Okana aja ndi masamba atatu, ndipo muli mayina. Ndawapinda, ndawaika m'thumba la diresi, ndipo ndiwasunga pouma.

Ba Abson, bwerani kuno kutsogolo. Anzanga apatseni njira. Yendani pang'onopang'ono, palibe amene akuthamangitseni. Amayi, inunso bwerani nawo, musatsale kumpanda. Chipewa musavule, atate, lero si inu opempha. Landirani ndi manja anu. Yaikuluyi ndi ya geti, yaing'onoyi ndi ya thanki. M'makola muno muli nkhumba khumi ndi ziwiri zimene zikwere kanta Lolemba, ndipo ndani ayambe kukwera, ndani athiridwe madzi, munena ndinu.

Olemekezeka a khansala, olemekezeka nonse, mwa ulemu umene mwandibwereka lero lokha, ine Febby Miti, wosesa m'makola, ndikudula liboni iyi, ndipo ndikulengeza kuti khola lodikirira la bungwe la Tiwete Pamodzi, pano pa Lilayi, latsegulidwa kuyambira tsopano. Ba kapitawo, tsegulani geti.

Zikomo kwambiri.